Tawina mpikisano wa mpira, ndalama tigawane kapena ayi?

Funso: Ndine kaputeni wa timu ya mpira ya m'mudzi mwathu ku Dómuè, m'boma la Angónia ku Mozambique. Tinawina mameticais 30,000 pa mpikisano wa matimu a m'midzi. Tilipo anyamata 20. Ena akuti tigawane, ena akuti tigule yunifolomu, ndipo takangana mpaka ena asiya kubwera kubwalo. Titani?

Yankho: Achimwene, ndakondwera nanu. Koma nkhani ya anyamata amene asiya kubwera yandikhudza kuposa ndalamazo.

Mphoto si malipiro. Malipiro mumawayembekezera mwezi ndi mwezi, pomwe mphoto imabwera kamodzi, ndipo chaka chamawa ikhoza kupita kumudzi wina. Amene anaikonza ankathokoza timu yonse ndi kuilimbikitsa kuti ipitirire. Mukagawana yonse, aliyense atenga 1,500, ndipo sabata isanathe idzakhala itapita ku mayunitsi ndi zakumwa.

Komabe amene akufuna kugawana musawanyoze. Anasiya madimba awo, ena anavulala miyendo. Kubwerera kunyumba chimanjamanja kumawawa.

Ine ndikanayamba ndi ngongole za timu, monga za galimoto imene inkakunyamulani. Kenako aliyense 500 ya sopo, zonse pamodzi 10,000. Zotsalazo zibereke. Kwanuko ndi ku Tsangano mbatata ya kachewere imachita bwino, ndipo ogula amachita kuilondola kuchokera mumzinda wa Tete. Bwerekani dimba, mugule mbewu ndi feteleza, muzilima limodzi tsiku limodzi pa sabata. Yunifolomu mudzagule ndi phindu la mbatatayo. Mukaigula lero, ikadzang'ambika mudzayambanso kupemphetsa.

Chimene ndikukuchondererani kwambiri n'chakuti ndalamazi zisagone mu akaunti ya pafoni ya M-Pesa kapena e-Mola ya munthu mmodzi popanda mboni, ngakhale yanu. Si kuti ndinu wakuba, koma mwana akadwala usiku dzanja limapita lokha pafoni. Sankhani msungichuma ndi mlembi, chilichonse chotuluka chilembedwe m'kope, asayine anthu atatu.

Mbiri yanu yamveka kale, choncho wina akhoza kukuimbirani kuti mwawinanso, mutumize kaye kangachepe. Ameneyo ndi wakuba, dulani foni.

Amene anyanyalawo muwapitire kunyumba kwawo inuyo nokha musanaitanitse msonkhano, ndipo pamsonkhanopo mugwirizaniretu kagawidwe ka mphoto ya mpikisano wotsatira.