Mafunso a owerenga: kodi ndiwonjezere liwiro la purosesa ya kompyuta yanga?

Funso

Akonzi, ndili ndi kashopu ku Ndirande komwe ndimakonza makanema a maukwati ndi zinkhoswe. Kompyuta yanga ya patebulo ili ndi purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Intel Core i5-12400, yomwe wogulitsa anandiuza kuti liwiro lake ndi 2.5 GHz, koma ndikatsegula Task Manager, pulogalamu ya mu Windows yoonetsa mmene kompyuta ikugwirira ntchito, ndimaona nambalayo ikusinthasintha, nthawi zina kutsika mpaka pansi pa 1 GHz. Mnzanga wina akuti ndichite overclocking, kutanthauza kukakamiza purosesa kuthamanga kuposa liwiro lomwe opanga anaika, kuti ntchito izitha msanga, pomwe ine ndikuganiza zoika Power saver, njira ya mu Windows yopulumutsira magetsi, chifukwa mayunitsi a magetsi akundithera. Nditsate ziti?

Wowerenga wa ku Ndirande, Blantyre

Yankho

Bambo, poyamba mtima wanu ukhale pansi, chifukwa kusinthasintha komwe mukuonako si matenda. Nambala ya 2.5 GHz ndi liwiro loyambira chabe, ndipo purosesa yanuyo inapangidwa kuti izikwera yokha mpaka 4.4 GHz ntchito ikachuluka, pogwiritsa ntchito njira yomwe a Intel amaitcha Turbo Boost. Mukangoisiya kompyuta ilibe chochita, purosesa imatsitsa liwiro ndi voltage yake (mphamvu yokankhira magetsi) kuti isawononge magetsi pachabe, ndipo mukayamba kutulutsa kanema imadzuka msanga koposa kuphethira kwa diso. Mapurosesa a Ryzen a kampani ya AMD amachitanso chimodzimodzi pansi pa dzina la Precision Boost. Mukafuna kudziwa ngati makina anu ali bwino, yang'anani nambalayo pa nthawi yomwe kanema akutuluka. Ikakhala cha m'ma 4 GHz, palibe cholakwika.

Za overclocking, mnzanuyo akunena za chinthu chomwe purosesa yanu salola. A Intel amatsegula mwayi umenewu pa mapurosesa okhala ndi chilembo K kumapeto, monga i5-12600K, ndipo pamafunikanso motherboard (bolodi lalikulu pomwe pamakhala purosesa) ya gulu la Z, monga Z690. Ma Ryzen ambiri ndi otsegula, koma nawonso amafuna motherboard ya gulu la B kapena X. Yanuyo ilibe K, kotero pa motherboard wamba simudzapezamo pokwezera liwiro.

Ngakhale ikanakhala yotsegula, ine sindikanakulangizani kutero, ndipo apa ndipo ndikufuna kuti timvetsane bwino. Kale overclocking inali ndi phindu looneka chifukwa opanga ankasiya mpata waukulu pakati pa liwiro logulitsira ndi malire enieni a purosesa. Masiku ano purosesa imadzikankha yokha mpaka pafupi ndi malirewo, moti chotsala choti munthu awonjezere ndi chochepa, koma mtengo wake ndi waukulu. Kuti liwiro likwere purosesa osasokonekera, voltage iyenera kukwera, ndipo magetsi odyedwa amakula mofulumira kuposa voltage yeniyeniyo: kuikweza ndi magawo 10 pa 100 kumawonjezera magetsi odyedwa ndi magawo pafupifupi 21 pa 100, tisanawerengere za liwiro lowonjezeralo. Magetsi onsewo amasanduka kutentha. Tsono ganizirani kashopu ka malata m'mwezi wa Okutobala kuno ku Blantyre, fumbi litadzaza m'fani. Purosesa ikafika madigiri 100 imadzitsitsa yokha liwiro kuti isapse, ndiye munthu amene amafuna kuthamanga amapezeka akuyenda pang'onopang'ono kusiyana ndi kale. Choopsa china n'chakuti makina okankhidwa mopitirira amatha kuzima pakati pa ntchito, ndipo kanema wa ukwati wa maola awiri akaima ali pafupi kutha, mwini ukwati sadzafuna kumva za ma GHz.

Kuti voltage si yoseweretsa zinaoneka mu 2024, pomwe a Intel anavomereza kuti mapurosesa ena a m'badwo wa 13 ndi 14 ankaonongeka chifukwa cha voltage yokwera, ngakhale kwa anthu omwe sanasinthe kalikonse, ndipo anatulutsa zokonzera kudzera mu BIOS, pulogalamu ya pa motherboard yomwe imadzutsa kompyuta. Yanu ndi ya m'badwo wa 12, choncho vutolo silikukukhudzani.

Nanga Power saver? Njira imeneyi imapangitsa purosesa kuchita ulesi pokweza liwiro, ndipo ndi yothandiza pamene mukuyendera UPS (kabokosi kosunga magetsi) kapena batire ya sola magetsi atazima, n'kumangolemba malisiti. Koma pa ntchito yolemera phindu lake ndi lochepa, chifukwa kanema akatenga nthawi yaitali kutuluka, monitor, ma disk ndi zina zonse zimakhala zikudyabe magetsi nthawi yonseyo. Njira ina ya mu Windows yotchedwa High performance nayo imasunga liwiro pamwamba ngakhale palibe ntchito. Siyani pa Balanced, yomwe Windows imabwera nayo kale. Purosesa yanu inalembedwa mawati 65 pa liwiro loyambira ndi mawati 117 ikakwera kwambiri, kutanthauza kuti ngakhale itagwira ntchito mwamphamvu zake zonse kwa maola 8, payokha siingafike yunitsi imodzi. Ngati mayunitsi akutha msanga m'shopumo, yang'ananinso makina ena otenthetsa, monga pulinta ya laser ndi makina omatira mapepala m'pulasitiki, ndipo ikani kuti monitor izizima ikakhala mphindi 10 osagwiritsidwa ntchito.

Ngati cholinga chanu ndi chakuti makanema azituluka msanga, yambani ndi kupemerera fumbi m'fani ndi m'zitsulo zoziziritsira purosesa, kompyuta itazimitsidwa ndi kuzulidwa pakhoma, ndipo muichotse pansi pomwe imayamwa fumbi. Onani ngati muli ndi timitengo tiwiri ta RAM (posungira zomwe kompyuta ikugwiritsa ntchito nthawi imeneyo) m'malo mwa kamodzi, popeza tiwiri timayenda limodzi mofulumira, ndipo ngati mafayilo anu akadali pa hard disk yakale yozungulira, asamutsireni pa SSD, disk yosazungulira yomwe ndi yachangu kwambiri. Pomaliza, i5-12400 yopanda chilembo F kumapeto ili ndi gawo lotchedwa Quick Sync lofulumizitsa kutulutsa makanema a mtundu wa H.264 ndi H.265, choncho fufuzani mu pulogalamu yanu yokonzera makanema pomwe palembedwa hardware encoding ndipo mupatsegule.