Bokosi la maswiti limene akupatsani pa Diwali

Amayi, mwafunsa kuti aneba anu achimwenye abweretsa bokosi la maswiti ati ndi Diwali, ndiye mukudabwa kuti tanthauzo lake n'chiyani, ngati chikhulupiriro chanu chikulola kuwadya, komanso mubweze chiyani. Ndiyankheko, chifukwa zimandikhudza anthu akamaganiza kuti mphatso yotere ndi zotsala za phwando.

Sizotsala ayi. Kwa Ahindu, chakudya cha pa chikondwerero ndicho mwambo weniweniwo. Diwali, chikondwerero chawo cha nyale, imachitika mu Okutobala kapena Novembala, ndipo kusanafike tsikulo amayi amakhala ali jijirijijiri kukhitchini. Amakazinga ufa wa tchana m'mafuta a mkaka otchedwa ghee, n'kuumba timipira totchedwa laddu. Amawiritsa mkaka mpaka kulimba, n'kuudula m'timabanzi ta barfi. Pophika amawerengeratu makomo amene mbale zikafike, ndiye ngati lanu lafikiridwa, dziwani kuti munali m'chiwerengerocho.

Kuti mumvetse kulemera kwake, taonani za Pongal, chikondwerero cha masika cha anthu a ku Tamil Nadu, chigawo cha ku India, chomwe chimachitika cha pa 14 kapena 15 Januwale. Dzina la chikondwererocho ndi dzina la chakudya chomwe. Banja limatuluka panja m'mawa, n'kutereka mphika wadothi watsopano, muli mkaka, mpunga wongokolola kumene ndi shuga wofiirira wa nzimbe wotchedwa jaggery. Ife mphika ukasefukira timathamangira kuphula, koma iwo ndi nthawi imene akuidikira. Thovu likangotayikira pamoto, onse amafuula kuti "Pongalo Pongal!" poti kusefukirako kukusonyeza kuti chaka chikhala cha mwanaalirenji. Gawo loyamba amalipereka kwa dzuwa, kenako anthu n'kudya. Ku Thiruvananthapuram, m'chigawo cha Kerala, kuli mwambo wofanana nawo wa amayi okhaokha, wotchedwa Attukal Pongala. Mu 2009 unalowa m'buku la Guinness chifukwa amayi okwana 2.5 miliyoni anasonkha moto m'misewu tsiku limodzi, aliyense ndi mafuwa ake ndi mphika wake. Ndikaganiza za utsi wa tsiku limenelo, mtima umandigunda.

Ku Kerala komweko, pa chikondwerero cha Onam, amayala tsamba la nthochi, n'kuikapo mpunga ndi ndiwo zoposa 20, popanda nyama, chilichonse pamalo pake. Ku Maharashtra, chigawo china cha ku India, pa chikondwerero cha Ganesh Chaturthi amapanga modak, timakeke ta ufa wampunga tokhala ndi kokonati m'kati, ndipo amapereka 21 kwa mulungu wawo Ganesha.

Ngakhale kusala kudya kuli ndi maphikidwe ake. Pa masiku 9 a chikondwerero cha Navratri ambiri amasiya nyama, anyezi, adyo, tirigu ndi mpunga. Ndiye amadya chiyani? Chimodzi mwa zakudya zake ndi sabudana, timibulu toyera topangidwa kuchokera ku chinangwa. Inde, chinangwa chathu chomwechi.

Koma mwambo umene ndimaukonda kwambiri ndi wa Makar Sankranti, mu Januwale. Anthu olankhula Chimarathi, chilankhulo cha ku Maharashtra, amapatsana maswiti a chitowe ndi jaggery, uku akunena mawu otanthauza kuti landira chokomachi ndipo uzilankhula zokoma. Anthu amene anakhumudwitsana m'chakacho amapezerapo mpata woyambiranso kulankhulana.

Tsopano ku nkhawa ija mwaitchula yokhudza chikhulupiriro chanu. N'zoona kuti chakudya china amayamba achipereka kwa milungu yawo, ndipo chikatero chimatchedwa prasad. Koma si maswiti onse a Diwali amene ali prasad, ambiri amangopangidwa kapena kugulidwa kuti agawidwe. Ngati chikumbumtima chanu chikukuvutani, afunseni mwaulemu. Ine ndikuona kuti kufunsa kuli bwino kusiyana ndi kulandira n'kukataya kudzala mwakabisira, chifukwa kufunsa kumaonetsa kuti mwalemekeza chimene iwo amachiona chopatulika. Polandira gwiritsani dzanja lamanja kapena manja awiri, monga tichitira kwathu kuno.

Pobweza samalani. Amwenye ambiri a kuno makolo awo anachokera ku Gujarat, chigawo cha ku India, ndipo Ahindu ambiri a kumeneko sadya nyama, nsomba ngakhale mazira. Choncho nkhuku ija timaiona ngati ulemu waukulu ikhoza kuwaika m'mavuto, chimodzimodzinso keke ya mazira. Zipatso, mtedza wokazinga kapena mpunga wa Kilombero n'zosakayikitsa. Ngati anakubweretserani m'mbale yawo, musaibweze yopanda kanthu. Ndipo musachite changu chobweza lero lomwe ngati mukulipira ngongole. Dikirani Khrisimasi, kapena mango akapsa pakhomo panupo, muwatumire mwana ndi dengu.