Alamu anga anatilanda katundu wamasiye, lero akuti ndiwakhululukire

Azakhali,

Amuna anga anamwalira zaka zitatu zapitazo. Tisanamalize n'komwe kutsuka mbale za pamaliro, achimwene awo anabwera ndi galimoto n'kunyamula njinga yamoto, malata amene tinagula kuti tifolere nyumba, mpaka mashini anga osokera. Ndinatsala ndi ana anayi ndi mphasa basi. Pano alamu angawo akudwala kwambiri ndipo atuma akulu a mpingo kuti ndiwakhululukire, koma za katundu sakutchulako. Amayi anzanga kumpingo akuti Mkhristu weniweni amangoiwala. Ndinasiya kudya Mgonero, ndipo mu Pemphero la Ambuye tikafika pa mawu opempha chikhululuko aja ndimangotseka pakamwa. Nditani?

Mayi wa ana anayi, Dedza

Mwana wanga,

Pepani kwambiri. Nditafika pa mashini osokerapo misozi inalengeza m'maso, chifukwa pamenepo anakulandani khasu lodyetsera ana. Kutseka pakamwa kwanuko kukundiuza kuti mukuopa kunamiza Mulungu, ndiye musadzione ngati wotayika.

Ndisakubisireni, kwa ife okhulupirira kukhululuka ndi lamulo. Pa Mateyu 18, Petro atafunsa ngati kukhululuka kasanu ndi kawiri n'kokwanira, Ambuye Yesu anafotokoza za kapolo amene mfumu inamukhululukira ngongole yaikulu zedi ya matalente 10,000, koma iye atangotuluka anakanyanga mnzake pakhosi chifukwa cha kangongole ka madinari 100. Tonsefe ndife kapolo uja. Choncho alamu anuwo muyenera kuwamasula mumtima: kusiya kuwafunira zoipa, kusiya kuona matenda awowa ngati malipiro awo. Zimenezi sizibwera tsiku limodzi. Yambani ndi kutchula dzina lawo popemphera, ngakhale mano ali okukuta.

Komano amayi anzanuwo aphatikiza nkhani ziwiri. Chilonda cha mumtima ndi chanu, mungathe kuchipereka kwa Mulungu. Malata aja ndi denga la ana amasiye, ndipo inu mulibe mphamvu yowapereka kwa munthu m'dzina la chikhululuko. Onani Zakeyu pa Luka 19: atalapa, analonjeza yekha kubweza kanayi kwa aliyense amene anamubera, palibe anamukakamiza. Nayenso Yosefe ku Iguputo sanafulumire kudziulula kwa abale ake. Anayamba wawayesa ndi nkhani ya mng'ono wake Benjamini kuti aone ngati asinthadi, pomwe iye ankapita kuseri n'kumalira chifukwa chowakonda. Akulu a mpingo amene abweretsa uthengawa abwererenso ndi funso lanu: nanga za anawa?

Dziwaninso kuti kuno ku Malawi lamulo la chuma chamasiye la 2011 limati kulanda katundu wamasiye ndi mlandu, ndipo munthu akamwalira wosasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi wake ndi ana. Zikakanika kubanja, ofesi ya DC, a Victim Support Unit kupolisi kapena a Legal Aid Bureau angakuthandizeni. Kupita kumeneko si tchimo ayi.

Ine ndikadakonda muyambe ndi kubanja, ndipo musachedwe, poti mwati akudwala kwambiri. Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi mkulu wa mpingo mmodzi amene mumamukhulupirira. Mukafika, khalani pansi, muwapatse moni wa odwala monga mwa mwambo, kenako munene modekha kuti, "Alamu, munandilakwira, ndipo ndikulimbana ndi mtima wanga kuti ndikukhululukireni. Koma ana a mng'ono wanu akugona m'nyumba yothonya." Mwina zina anagulitsa kale, anene pamaso pa mboni zimene zatsala ndi mmene abwezere, ndipo zilembedwe papepala.

Za Mgonero kambiranani ndi abusa anu panokha, muwauze zonse monga mwandiuzira ine. Popita kwa odwalako musapite chimanjamanja, nyamulani kaufa kaphala ndi shuga pang'ono. Mndandanda wa katundu uja ukhalenso m'chikwama chomwecho.

Azakhali anu