Anamudikiritsa galu atamulembera kale chenjezo: kodi chambacho chikhala umboni?

Mayi wina wokhala m'chigawo cha Indiana ku America wandilembera imelo. Mwana wawo anaimitsidwa usiku chifukwa nyali ya kumbuyo kwa galimoto inali yakufa. Wapolisi anamulembera chenjezo, kenako n'kumuuza kuti asachoke mpaka galu wonunkhiza afike. Galu atabwera, anapeza chamba pansi pa mpando. Mayiwo akufunsa kuti: "Poti chambacho anachipezadi, chilipo cholimbiranso?"

Chilipo mayi, musafooke.

Ku America khoti limafunsa kaye mmene umboni unapezekera. Mu 1961, pa mlandu wa Mapp v. Ohio, khoti lalikulu la dzikolo linalamula kuti umboni wopezeka pofufuza munthu mophwanya Fourth Amendment, ndime ya malamulo aakulu a dzikolo yoletsa boma kufufuza kapena kugwira munthu popanda chifukwa chomveka, usalandiridwe ngakhale m'makhoti a zigawo. Loya amapempha woweruza kuti auchotse mlandu usanayambe kuzengedwa, pempho lomwe amati motion to suppress. Chamba chikachotsedwa, nthawi zambiri boma limatsala chimanjamanja.

Nkhani ya mwana wanu ikufanana kwambiri ndi ya Dennys Rodriguez wa ku Nebraska. Iyeyu anapatsidwa chenjezo la pamsewu, kenako anamusunga mphindi 7 kapena 8 kuti galu azungulire galimoto, ndipo anapeza mankhwala osokoneza bongo. Mu 2015 khoti lalikulu lija linati ntchito yomwe wapolisi anaimitsira galimoto ikatha, alibe mphamvu yomudikiritsanso munthu, pokhapokha akhale ndi chifukwa chomveka chomukayikira pa mlandu wina. "Ndinangomukayikira" si chifukwa. Choncho mlandu wonse wagona pa timphindi tapakati pa chenjezo ndi kufika kwa galu. Loya aitanitse kanema wa kamera ya m'galimoto ya polisi ndi ya pachifuwa pa wapolisiyo. Mumaoneka nthawi yomwe pepala linaperekedwa, ndipo mumamveka mawu onse omwe analankhulana.

Pali chomwe chikundidetsa nkhawa. Ana athu tinawalera kuti wamkulu akanena, iwo azivomera. Ngati wapolisi anafunsa kuti angadikire kapena angayang'ane m'galimoto, mwanayo n'kuyankha kuti chabwino, boma linena kuti analola yekha. Mu 1973 khoti lomwelo linagamula kuti wapolisi sakakamizidwa kumuuza munthu kuti angathe kukana. Mumufunse mwanayo, koma zonse azikanena kwa loya, osati pafoni ya kundende, chifukwa mafoni amenewo amajambulidwa.

Ngati ndalama palibe, khoti limupatsa loya wa boma. Koma chonde asavomere mlandu msanga pofuna kungothana nazo. Ngati si nzika, mlandu wa mankhwala ukhoza kukhudza mapepala ake okhalira m'dzikomo, ndipo kukhoti la za olowa ndi otuluka lamulo lochotsa umbonili siligwira ntchito kwenikweni. Kuyambira pa mlandu wa Padilla v. Kentucky mu 2010, loya ali ndi udindo womuuza ngati kuvomera kungamuthamangitsitse. Mufunseni zimenezi tsiku loyamba lomwe mukumane naye.