Kodi wophunzira kulowa pansi pa madzi ku Nkhata Bay angakalowenso ku Antarctica?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena amene akugwira ntchito ku Cape Town. Akuti kulowa pansi pa madzi ndi silinda ya mpweya wopumira anaphunzirira ku Nkhata Bay, satifiketi ali nayo, kamera yabwino anagula, ndipo ndalama akhala akusunga pang'onopang'ono. Pa intaneti anaona maulendo a zombo za matanga zopita ku Antarctica ndi ku Arctic, kumene anthu amalowa m'madzi pambali pa mapiri a ayezi n'kumajambula nyama. Funso lawo ndi ili: "Ndi zimene ndikudziwazi, kodi ndingapite? Ndilowere kumwera kapena kumpoto? Nanga ndikwere chombo cha matanga kapena sitima yaikulu?"

Achimwene, kupita mungapite ngakhale nyengo ikubwerayi. Koma kulowa m'madzi ayi, musanafulumire. Satifiketi yanuyo ndi yeniyeni, kungoti madzi amene inakuphunzitsani si omwewo.

Nyanja yathu ija imakhala pakati pa madigiri 23 ndi 28, moti munthu amatha kulowa ndi kabudula wamba n'kutuluka akuseka. Madzi a mchere amayamba kuundana pa madigiri pafupifupi -1.8, ndipo a m'mbali mwa Antarctic Peninsula, ngakhale m'chilimwe cha kumeneko, sapita kutali ndi 0. Wetsuit, chovala cha mphira chimene chimalowa madzi, kumeneko ilibe ntchito. Mumavala drysuit, chovala chosalowa madzi chimene mumapoperamo mpweya, ndipo mkati mwake mumavala zovala zokhuthala. Mpweya wa m'chovalacho ndiye vuto loyamba. Mukapanda kuusamala umathawira kumapazi, miyendo n'kuyang'ana kumwamba, inu n'kuyamba kukwera mofulumira mutu uli pansi. Amene anazolowera amadzipinda n'kutembenuka asanaganize n'komwe, koma kuzolowerako kumabwera ndi kulowa kambirimbiri. Onjezerani kuti madzi a mchere amayandamitsa kuposa a ku Nkhata Bay, ndiye mtovu wa m'chiuno umachuluka, ndipo mumayenera kukwera nawo m'kabwato ka mphira manja ali ozizira.

Vuto lachiwiri ndi regulator, chida chimene mumapumirapo mpweya wa m'silinda. Mpweya ukamatuluka m'silinda umazizira kwambiri, ndipo m'madzi oyandikira kuundana kadontho kamodzi kokha kamene kali mkati kamasanduka ayezi n'kutsekereza vavu ili chitsegukire. Mumangomva phokoso, thovu lili phwii kumaso, singano ya geji ikutsika mukuiona. Silinda yodzaza imatha m'mphindi zochepa. N'chifukwa chake kumeneko amafuna ma regulator awiri osadalirana, iliyonse ndi vavu yake, kuti ina ikauma mnzanu aitseke inu mukupumira inayo. N'chifukwa chakenso amaletsa kuyesa kupumira regulator mudakali pamwamba pa mphepo yozizira. Chizolowezi chimene anakuphunzitsani ku nyanja, chopuma kawiri katatu musanadumphe, kumeneko n'chimene chingakuumitsireni chida.

Kenako manja. Thupi limapirira ndithu, koma zala zimayamba kugonja pakatha mphindi 20 kapena 30. Batani la kamera limene kunyumba mumalidina osayang'ana, pansi apo mumalifufuza ndi chala chimene simukuchimva. Mukatuluka, zipi ya chovala amakutsegulirani ndi anzanu, ndipo magazi akamabwerera m'zala ululu wake umagwetsa misozi ya munthu wamkulu.

Makampani odziwa ntchito sabisa zimenezi. Amafunsa buku lanu lolembamo maulendo a pansi pa madzi, ndipo ena amanena poyera kuti akufuna muonetse kuti munalowapo ka 30 ndi drysuit m'madzi ozizira. Salola kupitirira mamita pafupifupi 20. Si nkhanza. Chipinda chochiritsira munthu amene wakwera mofulumira mpweya n'kumuvulaza m'magazi sichipezeka pa maulendo amenewa, ndipo kuti wodwala akafike ku chipatala ku Punta Arenas ku Chile kapena ku Ushuaia ku Argentina zimadalira ngati nyengo yalola ndege kutera pa King George Island. Kampani imene ingakulandireni osafunsa buku lija, ine sindingaipatse ndalama yanga.

Pali chinthu china chimene zithunzi za pa intaneti zimasokoneza. Zija mumaona munthu akulowa pa dzenje loboola pa ayezi, chingwe chili m'chiuno, mnzake atachigwira pamwamba, nthawi zambiri ndi za ku White Sea kapena ku nyanja ya Baikal ku Russia, kapena kum'mawa kwa Greenland m'nyengo yozizira. Maulendo a zombo ku Antarctica sakhala otero. Mumalowa pa madzi otseguka, m'mphepete mwa gombe kapena pambali pa phiri la ayezi, kumwamba kulibe denga. Komabe phiri la ayezi si khoma la nyumba. Pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 ali pansi pa madzi, limasungunuka chapansi, ndipo limatha kugubuduka osachenjeza. Otsogolera amasankha lomwe lakhazikika pa nthaka. Pafupi nalo madzi amakhala osakanizika ndi opanda mchere ochokera ku ayeziyo, ndiye mumadzidzimuka mukutsika pang'ono ngati wina wakukokani mwendo. Khoma lake limakhala ndi timaenje tosalala, mtundu wake wobiriwira ngati kumwamba, ndipo mukatchera khutu mumamva kuthetheka kwa mpweya umene unatsekeredwa mu ayeziyo zaka mazana ambiri zapitazo. Chimenechi ndicho anthu amalipirira.

Za nsomba musayembekezere mbuna. Mamita oyambirira amakhala opalidwa ndi ayezi, miyala yokhayokha. Mukatsikirako mumapeza ndere zikuluzikulu, starfish zofiira, akangaude a m'nyanja ndi tizilombo tina toyenda mwaulesi. Nsomba zake n'zochepa koma zodabwitsa: zambiri zili ndi mapuloteni oletsa magazi kuundana, amene wasayansi Arthur DeVries anawatulukira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo mtundu wa icefish uli ndi magazi oyera, opanda chofiiritsa chija tonsefe tili nacho. Pa Foyn Harbour pali sitima ya osaka anangumi, Governoren, imene inapsa mu 1915, mutu wake ukadali pamwamba pa madzi. Kumayambiriro kwa nyengo madzi amaoneka patali, koma dzuwa likalimba tizomera ta m'madzi timaswana, madzi n'kuchita mbuu.

Leopard seal ndi nyama ya m'nyanja yodya ma penguin imene aliyense amafuna kukumana nayo mpaka atakumana nayo. Imatalika mamita atatu kapena kuposa. Mu 2006 wojambula wa National Geographic, Paul Nicklen, anakhala masiku angapo ndi yaikazi ina imene inkamubweretsera ma penguin ngati ikumudyetsa, ndipo zithunzi zimenezo zakopa anthu ambiri. Koma mu 2003 nyama ya mtundu womwewo inakokera pansi ndi kupha Kirsty Brown, wasayansi wa British Antarctic Survey, pafupi ndi siteshoni ya Rothera. Zonse ziwiri zinachitika. Wotsogolera akati tulukani, tulukani, chithunzi chisakunyengeni.

Kumwera kapena kumpoto? Ma penguin ali kumwera kokha, zimbalangondo zoyera kumpoto kokha, ndipo nyengo zake n'zosemphana: Antarctica ndi Novembala mpaka Marichi, pamene Svalbard (zilumba za Norway ku Arctic) ndi Greenland ndi miyezi ya pakati pa chaka. Ku Svalbard mumayambira ku Longyearbyen, pa madigiri 78 kumpoto, kumene dzuwa sililowa kuyambira chakumapeto kwa Epulo mpaka chakumapeto kwa Ogasiti. Kunja kwa tauni gulu limayenda ndi mfuti, ndipo kuyambira Januwale 2025 lamulo la Norway limati musayandikire chimbalangondo kuposa mamita 300, kapena 500 kuyambira Marichi mpaka Juni. Pa mtunda umenewo chimbalangondo ndi kadontho kachikasu pa chipale. Kwa munthu wa kamera amene akupita koyamba, ine ndimati kumwera. Nyama za kumeneko siziopa munthu, ndipo inu muli kale kumwera kwa dziko.

Tsopano za chombo. Maulendo ambiri amanyamukira ku Ushuaia ku Argentina, ena ku Puerto Williams ku Chile, kudutsa Beagle Channel n'kulowa mu Drake Passage, makilomita pafupifupi 800 a nyanja imene mphepo yake imazungulira dziko lonse popanda mtunda woitchinga. Ngati munakwerapo Ilala mwera uli pachimake, ganizani zimenezo usana ndi usiku, mafunde ake otalika kuposa nyumba, kulibe doko loti muthawireko. Sitima yaikulu imawoloka m'masiku awiri. Chombo cha matanga chimatenga atatu mpaka asanu, ndipo inu si mlendo wongokhala: mumasinthana kulondera, kuyang'ana ayezi usiku, kukoka zingwe, kuphika ndi kutsuka mbale chombo chili chopendekeka. Mankhwala a nseru imwani musananyamuke, osati mutayamba kusanza.

Phindu la matanga ndi nthawi. Mumakhala anthu ochepa, mwina khumi, ulendo wa masabata atatu kapena anayi, ndipo chombo chimalowa m'tingodya momwe sitima singafike, n'kumangirira zingwe ku miyala ya kumtunda. Kuwala kukakhala bwino mumakhala pomwepo, palibe belu loitana. Sitima ya anthu 100 kapena 200 ili ndi dokotala, makina odzazira masilinda, chipinda chofunda choumitsira zovala, koma mumatsika mwa magulu ndi mwa wotchi. Pakati pa ziwirizi pali zombo ngati Bark Europa ya ku Netherlands, yomangidwa mu 1911, imene yakhala ikuyenda kuchokera ku Ushuaia kudzera ku Antarctica, South Georgia ndi Tristan da Cunha mpaka ku Cape Town kwanuko. Imeneyo ndi ya wokonda matanga, osati wa silinda. Ndipo apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse: kuyendetsa matanga, kulowa m'madzi ndi kujambula n'zinthu zitatu zimene zimalimbirana thupi limodzi. Ola limene mukuvala drysuit ndi lomwelo anzanu ali kumtunda ndi ma penguin. Sankhani chimodzi chikhale cholinga, zinazo zikhale zapambali.

Chombo chilichonse chimene mungasankhe, onani ngati chili m'bungwe la IAATO, la makampani otengera alendo ku Antarctica, limene linayamba mu 1991. Antarctica ilibe boma. Imayendetsedwa ndi pangano la mu 1959, limene South Africa inali m'gulu la mayiko 12 oyamba kusaina, ndipo malamulo a alendo amachokera kumeneko ndi ku bungweli: sitima ya anthu oposa 500 siitsitsa munthu kumtunda, pa malo amodzi pasakhale anthu oposa 100 nthawi imodzi. Alendo tsopano amapitirira 100,000 pa nyengo, ndiye malamulowa si okongoletsa pepala. Ngozi nazonso zimachitika: mu Novembala 2007 sitima ya Explorer inagunda ayezi n'kumira, mwamwayi anthu onse 154 anapulumuka.

Kujambula kumtunda kuli ndi zake. Mtunda wa pakati pa inu ndi penguin usachepere mamita asanu. Kale ojambula ankagona chafufumimba kuti diso la kamera lifanane ndi la mbalame, koma chifukwa cha chimfine cha mbalame cha H5N1, chimene chinafika ku South Georgia mu Okutobala 2023 ndi ku Antarctica kumayambiriro kwa 2024, kukhala pansi, kugwada, kugona ngakhale kutula chikwama pansi zinaletsedwa. Majombo mumatsuka ndi mankhwala potsika ndi pokwera. Choncho phunzirani kugwira kamera m'munsi mutawerama, mukuyang'ana pa sikirini yopindika. Drone siyani kunyumba. Chipale chimanamiza kamera, imaganiza kuti kwawala kwambiri n'kudetsa chithunzi, ndiye onjezerani kuwala sitepe imodzi kapena ziwiri. Mabatire sungani m'thumba lamkati pafupi ndi thupi. Musanalowe m'chipinda chofunda, ikani kamera m'pulasitiki n'kumanga, idikire ifunde yokha, apo ayi nthunzi imalowa mpaka mkati mwa lenzi. Mdani wamkulu si kuzizira koma madzi a mchere owaza mukakhala m'kabwato.

Mwezi nawo ndi wosankha. Novembala chipale chimakhala choyera, ma penguin a mtundu wa gentoo akuberana timiyala tomangira zisa, ndipo mukaima phee pa Cuverville Island muona wakuba akuzemba mwini chisa atatembenuka, naye n'kukaberedwa pobwerera. Disembala ndi Januwale ndi anapiye, pamodzi ndi fungo la zitosi limene kamera siijambula. Febuluwale ndi Marichi ndi anangumi. Ma humpback amene amaoneka m'mbali mwa Mozambique pakati pa chaka nawonso amakadyera ku madzi a Antarctica, kungoti mbali ya kumwera kwa Africa kuno.

Mwayi wanu, achimwene, ndi kumene mukukhala. Mbali ya Atlantic ya Cape Town, ngati ku Oudekraal, madzi amatsika kufika madigiri 10 kapena kucheperapo mphepo ya kumwera chakum'mawa ikawomba m'chilimwe. Chitani kosi ya drysuit kumeneko, gulani yanuyanu yokukwanani bwino, ndipo lowani nayo mpaka muiwale kuti mwaivala, poyamba opanda kamera. Kenako fufuzani madzi ozizira kuposa apo, ngati a ku Silfra ku Iceland amene amakhala pa madigiri 2 mpaka 4, chifukwa makampani ena sawerengera madigiri 10 kuti ndi ozizira. Ma penguin a ku Boulders Beach ku Simon's Town adzakuphunzitsani kujambula mbalame yakuda ndi yoyera pa dzuwa lowala osawononga nthenga zoyerazo. Mukadutsa ku doko, yang'anani sitima yofiira ya S.A. Agulhas II. Ndi imene inanyamula gulu lomwe linapeza Endurance, sitima yomira ya wofufuza malo Ernest Shackleton, mu Marichi 2022, mamita 3,008 pansi pa Weddell Sea.

Pa ndalama, mukaphatikiza chombo, ndege, zida ndi inshuwalansi, konzekerani kupitirira madola 10,000. Inshuwalansiyo iwerengeni mzere ndi mzere: inene poyera za kukutengani pa ndege kuchokera ku Antarctica, ndiponso za kulowa pansi pa madzi. Antarctica siifuna visa, koma dziko lodutsamo lili ndi malamulo ake, ndiye yambani msanga za Argentina kapena Chile, ndipo ngati mwasankha Svalbard kumbukirani kuti njira yake imadzera ku Norway. Musanalipire, alembereni akuyankheni polemba kuti ndani amatsogolera olowa m'madzi, masilinda ndi mtovu akupereka ndani, ndipo ndalama ya diving imabwezedwa bwanji ngati mphepo yakaniza sabata yonse.