Holter Yalemba AV Block ndi Mtima Wotsika pa 38: Kodi Pakufunika Pacemaker?

Mwafunsa za bambo anu a zaka 67 amene anavala Holter, kachipangizo kojambula kagundidwe ka mtima, kwa maola 24. Lipoti lalemba kuti mtima unatsika kufika pa 38 pa mphindi cha m'ma 3 koloko usiku, PR ndi 230 ms (1,000 ms ndi sekondi imodzi), pali first degree AV block, Wenckebach inaoneka kangapo ali mtulo, mtima unaimako masekondi 2.1, ndipo panali ma PVC 450 (kugunda kobwera msanga kochokera m'zipinda zam'munsi za mtima). Mukufuna kudziwa ngati akufunika pacemaker, kachipangizo koikidwa m'thupi kothandiza mtima kugunda pa nthawi yake. Manambala okhawa sakulozera kumeneko. Dokotala amayang'ana kuti vutolo lili pati m'njira ya magetsi a mtima, linachitika nthawi yanji, ndiponso bambowo ankamva chiyani panthawiyo.

Kugunda kulikonse kumayamba ndi kamphamvu ka magetsi kochokera pa sinus node, kachigawo kali m'chipinda cham'mwamba chakumanja, kamene kamatumiza chizindikiro ka 60 mpaka 100 pa mphindi munthu akakhala phee. Chizindikirocho chikafika pa AV node, kachigawo kali pakati pa zipinda zam'mwamba ndi zam'munsi, chimachedwetsedwa dala kuti magazi atsikire kaye m'zipinda zam'munsi. Kenako chimadutsa mu bundle of His n'kugawanika m'nthambi ziwiri, yakumanja ndi yakumanzere, ndipo zipinda zam'munsi zimafinya magazi kupita kumapapo ndi m'thupi lonse.

Papepala la ECG, lomwe limaonetsa magetsi a mtima ngati mizere, kanthu kakang'ono kotumphuka kotchedwa P ndi zipinda zam'mwamba, kamzere kosongoka ka QRS ndi zam'munsi. PR ndi nthawi yochokera poyambira P kufika poyambira QRS, ndipo imayenera kukhala pakati pa 120 ndi 200 ms. Pepala limayenda mamilimita 25 pa sekondi, kotero kabokosi kakang'ono ndi 40 ms, lalikulu ndi 200 ms. PR ya bambo anu yangopitirira bokosi lalikulu limodzi pang'ono. Ndiyo first degree imeneyo: chizindikiro chikuchedwa koma chilichonse chikufika. Payokha siifuna mankhwala.

Pa second degree, pomwe chizindikiro nthawi zina sichifika m'munsi, ndi pamene muyenera kuwerenga lipoti mosamala, chifukwa pali mitundu iwiri yosiyana kwambiri ngakhale mayina akufanana. Mu Wenckebach, yomwe amaitchanso Mobitz 1, PR imanka nitalika pa kugunda kulikonse mpaka P imodzi ikusowa QRS, kenako zimayambiranso. Nthawi zambiri vutolo limakhala mu AV node mwenimweni, ndipo usiku mtsempha wa vagus umachedwetsa mtima mwachibadwa, n'chifukwa chake zimaoneka ngakhale mwa achinyamata ndi othamanga omwe alibe matenda. Mu Mobitz 2, PR imakhala yosasintha, kenako mwadzidzidzi QRS imasowa popanda chenjezo. Pamenepo vutolo limakhala pansi pa AV node, m'njira zimene zawonongeka, ndipo likhoza kusanduka complete heart block tsiku lililonse. Mobitz 2 imafuna pacemaker ngakhale munthu asakumva kalikonse.

Mu complete heart block, palibe chizindikiro chochokera m'mwamba chimene chikufika m'munsi. Zipinda zam'munsi zimadziyendetsa zokha, pa 40 mpaka 60 ngati kugundako kukuchokera pafupi ndi AV node, kapena 20 mpaka 40 ngati kukuchokera pansi penipeni, ndipo kugunda kotereku sikodalirika.

Tsono chimene sichili mu funso lanu, koma n'chofunika kuposa 38 uja, ndi kutalika kwa nthawi ya QRS. Yang'anani pa lipotilo. Ikakhala yosafika 120 ms, njira zam'munsi zili bwino ndipo Wenckebach ya usiku siodetsa nkhawa kwenikweni. Ikafika 120 kapena kupitirira, nthawi zambiri mudzaona mawu akuti RBBB kapena LBBB, kutanthauza kuti nthambi imodzi yatsekeka, yakumanja (RBBB) kapena yakumanzere (LBBB). RBBB imapezeka ndi mwa anthu athanzi, koma LBBB imafuna kuti aunike mtima ndi echo, sikani yoonetsa mmene mtima ukugwirira ntchito. Munthu wa zaka 67 amene ali ndi PR yaitali pamodzi ndi nthambi yotsekeka ayenera kumaonedwa ndi dokotala wa mtima pafupipafupi.

Kuima kwa masekondi 2.1 munthu ali mtulo n'kofala. Madokotala amayamba kuda nkhawa kukapitirira masekondi 3, makamaka munthu ali maso. Ma PVC 450 asakusowetseni tulo: mtima umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku, ndiye amenewo sakufika ndi pa 1 peresenti pomwe, pamene amene amafooketsa mtima amakhala opitirira 10 peresenti.

Kumbukiraninso kuti lipoti loyamba limalembedwa ndi kompyuta. Kapepala komata pachifuwa kakamatuka ndi thukuta, mzere umawongoka ndipo makina amalemba kuti mtima unaima. Kutsuka mano kapena kukanda pachifuwa kumajambula mizere yonga mtima wothamanga koopsa. Funsani ngati dokotala anayang'ana yekha mizere ya nthawi imeneyo, osati tsamba loyamba lokha. Ndipo ngati bambo anamva chizungulire 10 koloko m'mawa koma mizere ya nthawiyo ili bwinobwino, ndiye kuti chizungulirecho chikuchokera kwina. Ngati zizindikiro zawo zimabwera patalipatali, maola 24 sakwanira. Pali zida zovala sabata imodzi kapena ziwiri, ndi kachipangizo koika pansi pa khungu kamene kamajambula kwa zaka.

Popita kukaonana ndi dokotala, tengani mankhwala onse amene amamwa. Atenolol, propranolol, verapamil, diltiazem, digoxin ndi amiodarone amachedwetsa AV node, ngakhalenso timolol wodontheza m'maso, amene ambiri samuwerengera n'komwe. Asasiye okha mankhwala a beta blocker, monga atenolol ndi propranolol, mwadzidzidzi, chifukwa mtima ukhoza kuthamanga ndi kupweteka. Dokotala ndi amene amachepetsa pang'onopang'ono. Pemphani kuti ayeze potaziyamu, impso ndi chithokomiro. Ngati amaliza mkonono kwambiri n'kumabanika kutulo, mutchule zimenezo, popeza kubanika kotereku kumachedwetsa mtima usiku, ndipo kukathandizidwa kuchedwako kumatha nthawi zambiri popanda pacemaker.

Osadikira tsiku limene anakupatsani ngati akomoka kapena kutsala pang'ono kukomoka, akumva kupweteka pachifuwa, akupuma movutikira, asokonezeka mutu, kapena mtima uli pansi pa 40 masana iwo ali ofooka. Zikatero thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo ndi lipoti la Holter m'manja, ndipo asayendetse okha galimoto.