Matelegalamu a ku Havana si zinyalala, achemwali

Mtsikana wina wophunzira zachipatala wandilembera imelo. Akufuna kulemba mbiri ya yellow fever, ndipo pofufuza pa intaneti wapeza matelegalamu a mu 1900. Koma aphunzitsi ake amuuza kuti asataye nthawi ndi timapepala ta mawu asanu, awerenge malipoti a madokotala basi. Akufunsa ngati akunena zoona.

Achemwali, aphunzitsi anuwo ndikuwalemekeza, koma apa sindikugwirizana nawo ngakhale pang'ono.

Mu 1900 asilikali a America, amene ankalamulira Cuba atathamangitsa Spain, anaika madokotala anayi kuti apeze chimene chimafalitsa nthendayi: Walter Reed, James Carroll, Aristides Agramonte ndi Jesse Lazear. Inali nthenda yoopsa. Munthu amatentha thupi, maso amachita chikasu, kenako amasanza zakuda, omwe ndi magazi. Mu 1878 inapha anthu oposa 5,000 mumzinda wa Memphis wokha, ku America. Ambiri ankati imayenda ndi zovala ndi zofunda za odwala. Dokotala wa ku Cuba komweko, Carlos Finlay, anali atanena kale mu 1881 kuti ndi udzudzu, koma kwa zaka pafupifupi 20 ankangomuseka. Ndi iyeyo amene anapatsa gulu la Reed mazira a udzudzuwo, ndipo Lazear ndiye ankauweta m'timabotolo.

Pa 27 August Carroll analola kuti udzudzu wina umene unaluma wodwala umulume. Anadwala mwakayakaya. Nthawi imeneyo Reed anali ku Washington, ndipo zonse ankazimvera pa waya wodutsa pansi pa nyanja. Uthenga utafika woti Carroll wayamba kupeza bwino, Reed anamulembera kalata yachisangalalo, kunja kwa envelopu n'kuwonjezapo funso: kodi ndi udzudzu wachita zimenezi? Mu lipoti simudzapeza mtsogoleri wa kafukufuku akufunsa chonchi. Lipoti limalembedwa munthu atadziwa kale yankho.

Kenako Lazear naye analumidwa, pa 13 September, ku chipatala cha Las Animas. Anamwalira pa 25 September ali ndi zaka 34. Mkazi wake Mabel anali ku America, atangobereka kumene mwana wachiwiri, mwana amene bambo ake sanamuone. Palibe anamuuza kuti mwamuna wake akudwala. Chimene analandira ndi telegalamu ya chiganizo chimodzi, yonena kuti Dr Lazear amwalira madzulo ano.

Apa ndi pamene imelo yanu yandikhudza, chifukwa pepala lotere ndinaliona ndi maso anga.

Ndili mwana, azakhali anga ankakhala nafe pamudzi, amuna awo ali ku Joni ku migodi. Tsiku lina masana kunabwera munthu wa ku positi pa njinga. Aliyense pamudzi ankadziwa kuti kalata wamba imadikira ku sukulu kapena ku tchalitchi, yobwera yokha pakhomo sinyamula zabwino. Azakhali anali akupeta chimanga. Anaika lichero pansi, anapukuta manja pa chitenje, nalandira ndi manja awiri, koma sanatsegule. Zinali m'Chingerezi. Anatuma ine kukaitana aphunzitsi aakulu, ndipo ndinathamanga osadziwa kuti ndikukaitana maliro. Aphunzitsiwo atawerenga anavula chipewa, nafunsa kaye ngati malume alipo pafupi. Azakhali anayamba kulira asanauzidwe kanthu.

Chimene chinawapweteka mpaka kukalamba kwawo sichinali imfa yokha. Patapita miyezi anabwera mnzawo wa malemuwo ndi sutikesi, ndipo m'kucheza anatulutsa zoti bambowo anakhosomola nthawi yaitali, anagonekedwa m'chipatala, anzawo onse ankadziwa, mabwana ankadziwa. Ndalama yotumizira uthenga wa matenda inasowa, ya uthenga wa imfa inapezeka. Azakhali ankangoti, "Akanandiuza, bwenzi nditawapempherera ndi dzina la nthenda yawo." Pepalalo analisunga m'Baibulo mpaka linang'ambika m'mapindiro.

Ndiye munthu akandiuza kuti telegalamu siphunzitsa kanthu, ine magazi amawira. Imakuuzani amene anauzidwa msanga, amene anauzidwa mochedwa, ndi amene sanauzidwe n'komwe. Za matenda a Carroll, akuluakulu a ku Washington ankazitsatira pa waya. Mkazi wa Lazear anamva zonse zitatha. Waya unalipo, wa pakati pa Havana ndi Key West ku America unaikidwa kale mu 1867. Chimene chinasowa ndi munthu woganiza kuti mayiyu ali ndi ufulu wodziwa. Mwina ena ankati akumuteteza poti anali ndi khanda. Ine ndikuti kumeneko si kuteteza, ndi kumulanda munthu masiku ake omaliza ndi mwamuna wake. Ndipo mpaka mu 1908 ndi pamene nyumba ya malamulo ya America inavomera kumupatsa madola 125 pamwezi, iye ndi mkazi wa Carroll, poti Carroll naye anali atamwalira chaka chapitacho.

Inu amene mudzagwira ntchito m'chipatala, khalidweli mudzalipeza likadalipo. Foni ili m'thumba la aliyense, koma achibale amaitanidwa munthu atatsirizika.

Pali enanso amene waya sunawalabadire. Mu November 1900 Reed anatsegula msasa kunja kwa Havana, nautcha Camp Lazear. M'kanyumba kena anthu odzipereka anagona mausiku 20 pa zofunda zodzaza masanzi ndi chimbudzi cha odwala, ndipo palibe anadwala. Olumidwa ndi udzudzu ndiwo anadwala, makamaka udzudzuwo ukakhala masiku pafupifupi 12 chilumire wodwala. Ena mwa odziperekawo anali a ku America, monga msilikali John Kissinger ndi kalaliki John Moran, ndipo mayina awo ali m'mabuku. Ena anali anyamata osauka ongofika kumene kuchokera ku Spain, amene anasaina pepala la chilolezo lolembedwa m'Chisipanishi ndi m'Chingerezi, polonjezedwa madola 100 agolide, ndi ena 100 akadwala. Pepala limenelo limatamandidwa kuti ndi limodzi mwa oyamba a mtundu wake, ndipo n'zoona. Komabe mudzifunse kuti madola 100 amalemera bwanji kwa munthu wofika m'dziko lachilendo chimanjamanja, amene akuuzidwa kuti nthendayi imugwirabe ngakhale akane. Namwino Clara Maass anamwalira mu August 1901 atalumidwa m'kafukufuku wina ku Havana komweko, ali ndi zaka 25.

Sindikunyoza ntchitoyo. William Gorgas, mkulu wa zaukhondo mu Havana, atayamba kuthira mafuta m'madzi odikha, kuvundikira migolo ndi kutchinga odwala ndi maukonde, nthendayi inatha mu Havana m'chaka cha 1901. Njira yomweyo inathandiza kuti ngalande ya Panama itsegulidwe mu 1914.

Tsono muyambire pati

Sakani dzina la Philip S. Hench. Anali dokotala amene anatha zaka zambiri akusonkhanitsa makalata, matelegalamu ndi zithunzi za gulu la Reed, ndipo zonsezi zili ku University of Virginia, zambiri zimaoneka pa intaneti. Telegalamu iliyonse muilembe deti, wotumiza ndi wolandira, muiyike pambali pa kalata ndi lipoti za sabata lomwelo. Yokha ikhoza kukusocheretsani, popeza mawu ankalipiridwa limodzilimodzi ndipo anthu ankadula zambiri. Malipotiwo muwawerengenso, aphunzitsi anu pamenepo sakulakwa.

Ndipo musaimire ku Cuba, chifukwa mbali ya nkhaniyi inachitikira ku Africa kuno. Mu 1927 ofufuza anatenga magazi a bambo wina wa ku Gold Coast, yomwe lero ndi Ghana, dzina lake Asibi, amene anadwala nachira. Chaka chomwecho wofufuza Adrian Stokes anafa ndi nthendayi ku Lagos, ndipo mu 1928 wofufuza wina, Hideyo Noguchi, anafera ku Accra. Kachilombo ka m'magazi a Asibi ndi kamene Max Theiler, wobadwira ku Pretoria, anakafoola mpaka kupanga katemera wa 17D mu 1937, nalandira mphoto ya Nobel mu 1951. Khadi lachikasu limene amakufunsani pabwalo la ndege mukamachokera ku maiko monga Congo kapena Uganda limachitira umboni katemera ameneyo, ndipo kuyambira 2016 kubayitsa kamodzi n'kokwanira moyo wonse. Mukamaliza za Lazear, mulembeko ndime ya Asibi, ndipo munditumizire ndidzawerenge.